Manja a Kapitawo

Lachiwiri, 6 Meyi

Anandigoneka Lamlungu. Lachinayi ndinatsamwa ndi mpunga, wina unalowa njira yolakwika, ndipo pofika Lamlungu thupi linali moto, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Akuti ndi chibayo. Ndili mu wodi ya abambo, bedi la pazenera. Diripi kudzanja lamanzere, mankhwala opha tizilombo katatu pa tsiku, timapaipi ta mpweya m'mphuno.

Mayi wa mafizo ndi amene wandiuza kuti ndizilemba, akuti zala zisaiwale ntchito. Wakulunga cholembera ndi bandeji mpaka chanenepa kuti ndizitha kuchigwira. Zilembo zikukwera ndi kutsika, koma ine mwini wake ndikuziwerenga.

Ndine wometa, zaka 43. Chibayochi ndi mlendo chabe. Mwini nyumba ndi matenda ena amene anandiyamba zaka zitatu zapitazo. Mapewa amadzikweza okha, zala zimaimba gitala popanda gitala, mwendo umaponda pamene sindinautume. Ndinasiya kumeta tsiku limene ndinacheka khutu la mwana wa kasitomala. Mwezi wathawu ananditenga magazi kuti aone chimene chikuchitika. Zotsatira sizinabwere.

Lachitatu, 7 Meyi

Kutentha kwa thupi 39.2 m'mawa, 38.6 madzulo. Diripi ndaizula kawiri, osati dala. Anesi amangirira mkono ku kathabwa. Sindinadye.

Lachisanu, 9 Meyi

Kutentha kwatsika. Mpweya achotsa. Ndadya phala, masipuni ochepa, ena athera pachifuwa.

Bedi loyandikana nalo pali Adalaivala, bambo wonenepa amene ankayendetsa magalimoto a katundu. Anachita sitiroko, mbali yakumanja inafa, koma pakamwa ndiye pali moyo wa anthu awiri. Andiyang'anitsitsa m'mawa wonse, kenako akuti, "A Ometa, nyimbo imene mukuvinayo tiuzeniko nafenso, tisamangoonerera."

Ndaseka mpaka kutsokomola. Akuti tikaphatikizana tikhoza kupanga munthu mmodzi wabwinobwino, iwo osagwedezeka, ine osakhazikika.

Kunabwera amake mwana akuchokera kuntchito. Amachapa ndi kusita ku hotela, manja awo amanunkhira sopo nthawi zonse. Anabwera ndi Kapitawo, mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, wa zaka 20. Dzinali tinam'patsa ali wamng'ono chifukwa ankalamulira aliyense m'nyumba, ngakhale mphaka. Ndi iye amene watenga malo anga ometera. Amameta abambo kutsogolo, amaluka tsitsi la amayi kuseri. Wafika n'kuyamba kukonza pilo, kudzudzula bulangete, kufunsa anesi chifukwa chake madzi ali kutali ndi ine. Adalaivala akuti, "Uyu ndiye akanakhala mkulu wa chipatala, bwenzi tonse titachira ndi mantha."

Lamlungu, 11 Meyi

Kunabwera achimwene. Ndi kalipentala, amandiposa ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma akukhomabe misomali. Tsiku limene anandiperekeza kukatengetsa magazi, adokotala anaona kuti phewa lawo limadumpha pang'ono akakhala pansi, ndipo anawapempha kuti nawonso ayezedwe. Anavomera mongofuna kundilimbitsa mtima.

Abweretsa nkhuku yokazinga. Sindingaimeze. Adya Adalaivala, ine ndikumva fungo.

Tinakamba za bambo athu. Anthu onse ankati ndi chidakwa chifukwa ankayenda mopepesuka, kulankhula kosamveka, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Anayamba zimenezi atapitirira zaka makumi asanu. Achimwene akuti, "Iwe, mowa ankamwadi." Ine ndati ankamwa botolo limodzi Loweruka basi, nanga Lachiwiri m'mawa ankadzandira ndi chiyani? Amangosisita phewa lawo lija.

Lachiwiri, 13 Meyi

Zotsatira zabwera. Ndilemba bwinobwino kuti ndisasokoneze.

Adokotala a za ubongo ndi mayi wamfupi wa magalasi, salankhula mothamanga. Anatitengera m'kachipinda, ine pa njinga ya odwala, amake mwana, ndi achimwene. Anati matendawa dzina lake ndi Huntington, ndipo vuto lili mu majini.

Achimwene anadzidzimuka. "Majini? Adokotala, nanunso mumakhulupirira zimenezo?"

Adokotala anamwetulira. Anati sakunena mizimu, akunena timalangizo ta m'thupi timene munthu amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Anati pa kalangizo kena pali mawu amodzi amene amabwerezedwa, ngati munthu wachibwibwi. Aliyense ali nacho chibwibwi chimenechi. Mawuwo akabwerezedwa kosafika 27 palibe vuto. Akafika 40 kapena kupitirira, matenda adzabwera ndithu, kungoti sitidziwa tsiku. Nambala ikakula, matenda amafulumira kuyamba.

Yanga ndi 46. Ya achimwene ndi 45.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji kusiyana ndi kamodzi kokha, koma iwo akukwerabe padenga ali ndi zaka 55, ine ndikulephera kumwa madzi? Anati nambalayo si yokhayo imene imalamulira. Pali majini ena amene ntchito yawo ndi kukonza zowonongeka m'thupi, ngati amisiri. Kwa anthu ena amisiriwo amachedwetsa matenda, kwa ena amawafulumizitsa. Ana a mimba imodzi akhoza kugawana amisiri osiyana. Achimwene anatola abwino. Ine ndinatola otsala.

Mankhwala ochiza palibe. Alipo ochepetsa kugwedezeka basi.

Kenako amake mwana anafunsa ndi mawu ang'ono, "Nanga mwana?"

Adokotala anavula magalasi. Anati mwana aliyense wa munthu wodwala akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka. Anawonjezanso kuti matendawa akadzera kwa bambo, nthawi zina nambala imakula pofika kwa mwana.

Achimwene ali ndi ana anayi. Anatuluka osatsanzika.

Lachitatu, 14 Meyi

Amake mwana abwera okha. Akhala pampando, chikwama pamiyendo, osachitsitsa.

"Kwanuko panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa?"

Ndati panalibe. Tinkati ndi mowa.

"Mowa," atero. "Zaka zonsezi ndimathokoza Mulungu kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna wosamwa."

Akuti Kapitawo tisamuuze za theka ndi theka zija. Ali ndi mnyamata wake, makanika, akukonzekera ukwati kumapeto kwa chaka. Akuti timusiye mwana asangalale. Ndavomera. Ndinalibe mphamvu yokana.

Lachisanu, 16 Meyi

Mankhwala a chibayo tsopano ndi a madzi akumwa, diripi achotsa. Andiyambitsa mankhwala ochepetsa kugwedezeka, tetrabenazine, 12.5 m'mawa uliwonse. Akuti aziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo ndiziwauza ngati mtima ukulemera.

Anandiyeza kamezedwe. Anandimwetsa zoyera ngati choko akujambula pakhosi. Ndinaona pa kanema madzi akusochera, ena kulowera ku mapapo ine osamva kanthu. Kuyambira lero madzi ndi tiyi azithiramo ufa wolimbitsa. Chakudya chikhale chosinja. Podya ndikhale tsonga, chibwano pansi, osalankhula.

Sikelo: makilo 54. Ndikumeta ndinali ndi 71.

Lamlungu, 18 Meyi

Kapitawo wabwera ndi chikwama cha zida. Akuti, "Ababa, mukundichititsa manyazi. Mwini malo ometera ndevu ngati tchire?"

Anatseka makatani, anandikoleka nsalu m'khosi, anapaka thovu. Mutu wanga sukhazikika, ndiye anaugwira ndi dzanja lamanzere pamphumi, mmene ndinamuphunzitsira pometa ana ovuta. Lezala kudzanja lamanja. Ndinatsinzina. Zinali bwino, fungo la sopo lija linandifikitsa kuntchito.

Kenako ndinamva. Zala ziwiri zakumapeto, pamphumi panga, zinagogoda. Kawiri, katatu, n'kusiya. Patapita kanthawi zinagogodanso. Ndinatsegula maso. Phewa lake lamanja linakwera lokha, ndipo iye msangamsanga anapititsa dzanja kukhosi ngati akudzikanda.

Kudzikanda kumeneko ndimakudziwa. Ndinachita chaka chathunthu ndikudzikanda choncho pamaso pa makasitomala.

Anamaliza bwinobwino, sanandicheke. Anandionetsa pagalasi. "Mwaona? Mnyamata watsopano." Ndinati zikomo. Mawu anatuluka okhota kuposa masiku onse.

Atapita ndasanza.

Lolemba, 19 Meyi

Mwina ndinaona zanga zomwe. Mwina ndi mutu wanga umene umagunda zala zake. Mwina watopa, akugwira ntchito ya anthu awiri.

Mulungu, zikhale choncho.

Lachiwiri, 20 Meyi

Tetrabenazine 12.5 kawiri pa tsiku. Kugwedezeka kwachepa, koma thupi lalemera ngati ndavala zovala zonyowa.

Ndinawauza adokotala za zala zija. Ndinawapempha kuti akabwera mwanayo amutenge magazi mwakachetechete, amuuze kuti akuyeza zina. Anakana. Akuti ndi munthu wamkulu, magazi ndi ake, nkhani ndi yake. Ayenera kudziwa chimene akuyezedwa, alandire uphungu, asankhe yekha. Ena amasankha kusadziwa, ndipo ndi ufulu wawo.

Ndinafunsa ngati matendawa angayambe munthu wa zaka 20. Anati zimachitika, nambala ikakhala yaikulu kwambiri.

Ndinati, "Adokotala, palibe njira yoti mundichotse chilichonse, impso, diso, magazi onse, kuti iye apulumuke?"

Anati palibe. Anandigwira dzanja mpaka linasiya kulimbana nawo.

Lachinayi, 22 Meyi

Kapitawo anabwera masana, makasitomala atachepa. Anandibweretsera yogati ndi nthochi zosinja. Ndinamuuza atseke makatani.

Ndinati, "Tambasula manja."

"Chifukwa?"

"Tambasula, mwana wanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pabedi, manja anawapanira pakati pa maondo.

"Mwaona liti?"

Ndinati Lamlungu.

Akuti zinayamba chaka chatha. Poyamba chipeso chinkangogwa. Kenako mizere ya tsitsi inayamba kukhota, mayi wina anabwerera kudzamasulitsa. Anasiya kuluka timizere ting'onoting'ono, n'kumauza anthu kuti fashoni imeneyo inatha. Za theka ndi theka akuzidziwa kale, anawerenga pa foni tsiku lomwe amayi ake anatchula dzina la matenda.

"Ndimati ndidikire mutuluke kaye," akutero. "Awiri nthawi imodzi amayi sangathe."

Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo kulira kwanga masiku ano ndi koipa, thupi lonse limalowererapo. Iye anandigwira mapewa, akuti, "Ababa, mutsamwa. Chibwano pansi."

Akufuna kuyezedwa. Akuti kukhala osadziwa kwamutopetsa kuposa matenda.

Lolemba, 26 Meyi

Waonana ndi aphungu kawiri. Lero amutenga magazi. Akuti zotsatira zimatenga masabata angapo chifukwa amazitumiza kutali.

Amake mwana anamva zonse Lachisanu. Lero afika maso ali psuu. Akuti, "Tinagwirizana kuti tisamuuze." Ndati ndi iye amene watiuza. Ayamba kupinda zovala zanga zimene zinali zopinda kale.

Potuluka anaima pakhomo la wodi. Ndinawaona atatsamira khoma, chipumi chili pakhoma. Anesi anawagwira mkono n'kupita nawo.

Lachitatu, 28 Meyi

Ndatsamwanso. Ndinaona kapu ya madzi wamba patebulo la Adalaivala, pakhosi panali gwa, ndinamwa. Madzi enieni, ozizira. Anandipopa ndi makina. Kutentha 39.5. Diripi yabwerera, mpweya wabwerera.

Loweruka, 31 Meyi

Chibayo, mapapo onse awiri. Mankhwala asintha, awa ndi amphamvu, kanayi pa tsiku. Sinditha kulemba.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndatsitsimukako. Makilo 50.

Adokotala abwera ndi dokotala wina wa opaleshoni. Akuti pakhosi panga sipodalirikanso, ndipo thupi logwedezeka chonchi limatha chakudya ngati la munthu wolima tsiku lonse. Akufuna kuboola pamimba n'kuika paipi yaing'ono kuti chakudya chizilowa chindunji. Akuti ndi opaleshoni yaifupi. Sichiza matenda, koma thupi libwerera, ndipo ngozi ya kutsamwa podya ichepa. Popanda paipiyo chibayo chizibwerabwera, ndipo tsiku lina sichidzachoka.

Ndakana.

Afunsa chifukwa. Ndati ndaona kumene msewu uwu ukupita. Bambo anga anamalizira pamphasa, osalankhula, akudziipitsira, mafupa okhaokha. Paipiyo ingotalikitsa ulendo womwewo. Ndati ngati chibayo chikufuna kundithandiza kudula njira, achisiye.

Akuti ndi ufulu wanga, koma adzafunsanso.

Lachinayi, 5 Juni

Adalaivala atuluka lero. Ana awo anabwera ndi njinga ya odwala yatsopano, iwo n'kufunsa kuti magiya ake ali pati. Potsanzika anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija. "A Ometa, musazimitse injini pamtunda. Galimoto imabwerera m'mbuyo, imaponda amene akukankha." Ndinawauza kuti apite bwino.

Bedi lawo aikapo mkulu wina amene salankhula.

Adokotala anandifunsa ngati ndimaganiza zofa. Ndinati kuyambira pa kudzuka mpaka pa kugona. Akuti mbali ina ndi nkhani zimene ndamva, mbali ina ndi matenda omwewa, mbali inanso akhoza kukhala mankhwala aja. Tetrabenazine abweza pa 12.5 kamodzi. Awonjezera sertraline 50 m'mawa, wa mtima wolemera. Akuti amatenga nthawi kuti ayambe kugwira. Anesi achotsa lumo ndi mapiritsi onse mu kabati yanga.

Lamlungu, 8 Juni

Achimwene abwera koyamba chichokereni tsiku la zotsatira. Aonda. Iwo awauza ana awo za matendawa. Awiri akufuna kuyezedwa, mmodzi wakana, wamkulu sakuwalankhula, ali ndi ana ake kale awiri.

Akuti, "Mng'ono wanga, ndimagona ndikudzifunsa chifukwa chake ine andipatsa zaka zonsezi, iwe ayi. Sindinachite chabwino chilichonse kuposa iwe."

Ndati si za kuchita bwino, ndi amisiri aja. Akuti, "Ndiye bwenzi ndikanatha kukubwereka."

Ndinawafunsa ngati amisiri awowo angapezeke mwa Kapitawo. Iwo adziwa bwanji? Mapewa athu ankangodumpha mosinthana. Munthu wodutsa akanati tikugwirizana pa nkhani ina yake.

Lachitatu, 11 Juni

Kugwedezeka kwabwerera chifukwa mankhwala anachepetsa. Chigongono chanyuka ndi zitsulo za bedi, akulungako masiponji. Makilo 49. Ndikudya timasipuni towerengeka, ndipo aliyense amene akundidyetsa amagwira mpweya mpaka ndimeze.

Foni ya Kapitawo ikalira ali pano, tonse timauma.

Loweruka, 14 Juni

Zotsatira sizinabwerebe.

Amake mwana akuti akusala kudya. Ndati m'banja muno osadya akwana mmodzi. Sanaseke.

Lachiwiri, 17 Juni

58.

Lachitatu, 18 Juni

Dzulo sindikanatha. Ndilembe lero.

Kapitawo anakamva zotsatira zake yekha ndi aphungu ndi adokotala, anakana kuti amayi ake alowe. Kenako anabwera ku wodi, anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena nambalayo ngati akutchula mtengo wa sopo. Amayi ake anakhala pansi, pasimenti penipeni.

Adokotala anabwera pambuyo pake. Ndinawafunsa kuti 46 yasanduka bwanji 58. Anati ndi zija ananena, kuti podzera kwa bambo chibwibwi chija chimatha kutalika. Palibe chimene ndinadya, palibe chimene ndinachita. Ndinafunsa kuti ziyenda mofulumira bwanji. Anati kawirikawiri nambala yotere imayamba msanga ndipo imatha kuyenda mofulumirirapo, koma sangalosere za munthu mmodzi. Theka la majini ake ndi la amayi ake, ndipo amisiri aja sitikuwadziwa kuti anatenga otani. Anatinso pali ofufuza amene akulimbana ndi nkhani ya amisiri omwewo, koma sangatilonjeze kanthu.

Kapitawo anatuluka kukamwa madzi. Ndinawauza amake mwana, mawu akundikanika, kuti ndikanadziwa sindikanabereka. Ndikanakhala ndekha, matendawa akanathera mwa ine.

Katani inatseguka. Anali asanapite patali.

"Ndiye mukanakonda ndisakhalepo?"

Ndinati si zimene ndikutanthauza.

"Ndi zimene mwanena." Anatenga chikwama chake n'kumapita. Amayi ake anamutsatira.

Lero m'mawa sanabwere. Masana sanabwere. Sindinalole kudyetsedwa.

Lachinayi, 19 Juni

Wabwera. Malo ometera anatseka. Anakoka mpando, anakhala pafupi kwambiri, manja sanawabisenso, anangowasiya pabulangete akuchita zawo.

Akuti iye wamuuza makanika uja zonse. Mnyamatayo analira, akuti sasintha maganizo. Iye wamuuza kuti ukwati uime kaye, apite akaone bwinobwino mmene ine ndilili, adzayankhe pambuyo pake. "Lero akulankhula ndi chikondi. Ndikufuna adzalankhule ndi maso."

Kenako anati, "Anesi andiuza kuti paipi munakana."

Ndinati ndi nkhani yanga.

"Inali yanu. Pano ndi ya tonse." Mawu ake anali olimba. "Ababa, ine ndilibe wina woonerako. Agogo sindinawaone. Abambo aakulu a nkhuku zokazinga aja ndi amwayi, za iwo si zanga. Ndatsala ndi inu. Chilichonse chimene mukuchita pabedi pano ine ndikuloweza. Mukati pofika apa munthu amasiya kudya, ndiye kuti nanenso ndikadzafika apa ndidzasiya. Ndi zimene mukundiphunzitsa?"

Ndinati mwana wanga, kutsogoloku n'koipa. Sindikufuna uone.

"Ndikuona kale. Ndipo ndidzafikako, kaya mufune kaya musafune. Ndiye mukufuna ndikafike ndekha, kopanda amene anapondako?"

Ndinamuuza kuti mawu a Lachiwiri aja andikhululukire, kuti pa zinthu zonse zimene ndinachita pa moyo wanga, iye yekha ndi amene ndinachita bwino. Akuti, "Bwino pang'ono. Nambala munalakwitsa." Tinaseka, kuseka koipa, kosatha bwino. Kenako analira. Aka kanali koyamba. Anaika mutu pachifuwa panga ngati ali wamng'ono, ndipo dzanja langa linkamumenya kumsana pamene ine ndimafuna kumusisita. Sanasunthe.

Adokotala atadutsa ndinawaitana. Ndati paipi ija aike.

Lachisanu, 20 Juni

Kusaina kwakanika, ndadinda chala. Opaleshoni Lolemba m'mawa. Kuyambira Lamlungu madzulo osadya kanthu, ngati kuti ndimadya.

Mantha alipo. Si a mpeni. Ndavomera kukhala nthawi yaitali, ndipo nthawi imeneyo ndidzaona mwana wanga akudzandira. Sindikudziwa ngati ndasankha bwino. Ndikungodziwa kuti wandipempha.

Lolemba, 23 Juni

Aika. Pamimba pakupweteka ngati andibaya ndi msomali. Jakisoni wa ululu kawiri. Lero madzi okha, pang'onopang'ono.

Lachitatu, 25 Juni

Bala lili bwino, silikutuluka mafinya. Kutentha 36.8. Akuti zikapitirira chonchi nditha kutuluka sabata ya mawa. Tetrabenazine 12.5 m'mawa, sertraline 50, zonse azisinja n'kudzera pa paipi. Pakamwa andilola timasipuni ta yogati tongolawa, kuti lilime lisaiwale.

Masana anesi aakulu anaitana amake mwana ndi Kapitawo kuti awaphunzitse kadyetsedwe. Kusamba m'manja. Kundikhazika tsonga. Kutsuka paipi ndi madzi ofunda, kuthira chakudya cha madzimadzi mu sirinji yaikulu, kuikweza m'mwamba kuti chitsike chokha osakankha, kutsukanso, kutseka. Kupukuta pabala tsiku lililonse. Osandigoneka chagada ndikangotha kudya.

Ndinamva chakudya chikulowa, chofunda, chopanda kukoma kulikonse. Mimba inadabwa.

Kapitawo anali ndi mafunso ambiri. Paipi imakhala nthawi yaitali bwanji isanasinthidwe? Imapweteka munthu akagona chafufumimba? Munthu angathe kudzithirira yekha manja akadali ndi mphamvu? Zovala zimaoneka kuti pali kanthu? Anesi anamuyamikira, akuti bambo awa ali ndi mwayi, mwana wosamala chonchi ndi wosowa. Anesiwa ndi a wodi ino, za kuchipinda cha aphungu sakuzidziwa. Ine ndinayang'ana kudenga.

Kapitawo anayesa kugwira sirinji. Inapendekeka, chakudya china chinatayikira pabulangete. Anati, "Pepani, yaterera." Amayi ake anailandira, anapukuta bulangete, anamaliza kuthira, anatsuka, anatseka.

Anesi anati, "Mayi, mwatha kale. Ena zimawatengera masiku."

Amake mwana anapukuta manja pa chovala chawo. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana wawo.

"Ayi, Anesi," anatero. "Ndionetseninso kuyambira poyamba, pang'onopang'ono. Ntchito imeneyi ndikhala nayo nthawi yaitali."